USIKU WA BRIGID WOYERA M'NYUMBA ZA ALIMI A KU IRELAND

1. Cisumbu ca cisanu

Kutali kumpoto, ku Europa, kuli cisumbu cochedwa Ireland. Pa mapu a Cipwitikizi dzina lake lalembedwa Irlanda. Ciri kumadzulo kwa England, ndipo nyanja yamcere yacizinga ponseponse. Si cacikulu ai. Cigawo ca Tete cicipambana kukula.

Nyengo za kumeneko zisemphana ndi zathu. Ife tikamabzala ndi mvula ya Dezembro, iwo ali pakati pa cisanu. Dzuwa lituluka mocedwa, lilowa msanga, ndipo usana sufika maola 8. Udzu uleka kumera. Minda igona.

Kuyambira kale anthu a ku Ireland awerenga tsiku la 1 Fevereiro kuti ndilo ciyambi ca nyengo yolima. Cisanu cikalipo, koma usana wayamba kutalika, ndipo nkhosa ziri pafupi kuswa. Tsiku lomwelo ndi la Brigid Woyera, mai amene iwo amlemekeza koposa akazi onse a m'mbiri ya dziko lao.

M'phunziro lino tiona zimene alimi osauka ankacita m'nyumba zao madzulo a 31 Janeiro ndi m'mawa mwake. Mbiri ya mafumu ndi nkhondo zao yadzaza mabuku. Mbiri ya mlimi isowa, ndipo tiyenera kuifuna m'miyambo yake. Munthu apempherera cimene aopa kutaya. Tikadziwa zimene alimi aja ankapempha usiku umenewo, tidziwanso zimene ankaopa ndi zimene ankadalira.

2. Nyumba ya mlimi

Tiyambe talowa m'nyumbamo, monga inaliri m'zaka za m'ma 1800.

Makoma anali a miyala kapena a dothi, opaka njereza. Denga linali lofolera ndi udzu kapena mapesi a mbeu. Pansi panali pa dothi. Kalembera wa caka ca 1841 anapeza anthu oposa 8 miliyoni. Anapezanso kuti pa nyumba zitatu zirizonse, imodzi inali kanyumba ka dothi ka cipinda cimodzi. Kumadzulo kwa cisumbu ng'ombe inkagona m'nyumba momwemo: anthu mbali ya kumoto, ng'ombe mbali ya kumunsi.

Moyo wonse wa banja unali pamoto. Nkhuni zinali zosowa, pakuti nkhalango zinatha kale. Anthu ankakumba dothi lakuda la m'madambo, lopangika ndi zomera zoola za kalekale, naliumitsa ngati njerwa. Dothilo likauma liyaka pang'onopang'ono. Asanagone, mai ankakwirira makala ndi phulusa, ndipo m'mawa ankawafukula akali amoyo. M'nyumba zina moto unkakhala zaka zambiri osazima.

Munda sunali wa mlimi. Unali wa eni malo olemera, ambiri a iwo zidzukulu za atsamunda ocokera ku England ndi ku Scotland. Mlimi ankalipira lendi kawiri pa caka. Akalephera ankamtulutsa, ndipo nthawi zina ankagwetsa ndi nyumba yomwe. Cifukwa cake nkhumba, tirigu ndi mafuta a mkaka, aja ena ati batala, ena manteiga, zinkapita ku msika kukafuna ndalama ya lendi. Banja linkatsala ndi mbatata ya kacewere, yomwe ija alima ku Angónia, ndi mkaka wosasa. Mwamuna wa nchito ankadya mbatata makilo 5 kapena 6 pa tsiku.

Tsono cuma ca nyumba yotere cinali cowerengeka pa zala za dzanja limodzi: denga, moto, ng'ombe, mbeu, ndi mphamvu za m'thupi. Cimodzi cikatayika, banja lagwa. Musaiwale zinthu zisanu izi. Tikumana nazo zonse pa usiku wa Brigid.

3. Brigid anali yani?

Brigid anabadwa ca m'ma 451, namwalira ca m'ma 524. Anthu ati kwao kunali ku Faughart, pafupi ndi mzinda wa Dundalk. Ati atate wake, Dubhthach, anali mfumu, koma mai wake anali kapolo. Anakana kukwatiwa, nakhala sisitere. Ca m'ma 480 anamanga nyumba ya cipembedzo ku Kildare. M'cinenero cao dzinali litanthauza chalichi ca pa mtengo wa oak. Pamalopo panali mbali ya masisitere ndi mbali ya amonke.

Ca m'ma 650 mmonke wa ku Kildare, dzina lake Cogitosus, analemba mbiri ya moyo wake. Apo nkuti papita zaka zoposa 100 cimwalirire Brigid. Nkhani zina zinaonjezedwa pambuyo pake. Ndico cifukwa cake zoona ndi nthano zasakanizika. Koma nthanozo ziri ndi phunziro. Tamvani zimene zinena.

Ali mtsikana anamtuma kukama ng'ombe ndi kupanga batala. Iye anagawira osauka batala yense, koma pa tsiku lowerenga anapeza mbiya ziri zodzaza. Tsiku lina anapatsa munthu wakhate lupanga la atate wake. Tsiku linanso anapempha mfumu malo ongokwana nsaru yake. Mfumu inaseka, nilola. Atayala nsaruyo, inafutukuka niphimba cigwa conse.

M'nthano izi muli mkaka, ng'ombe, mlendo wanjala, ndi malo otengedwa kwa mfumu mwanzeru. Brigid anali woyera wodziwa nchito za pakhomo. Mkazi wa mlimi ankamuona ngati mnzake wa kukhola.

Ku Kildare kunalinso moto wosazima. Gerald of Wales, amene anafika ku Ireland m'zaka za m'ma 1180, analemba kuti masisitere 19 ankausonkheza mosinthana, ndipo usiku wa 20 ankausiyira Brigid mwini wake. Mwamuna sankaloledwa kulowa mu mpanda wa motowo. Ati unayaka mpaka zaka za m'ma 1500, pamene mfumu Henry VIII ya ku England inatseka nyumba za cipembedzo.

4. Tsiku lakale kuposa chalichi

Cikhristu cisanafike, anthu a ku Ireland ankagawa caka panai. Zigawozo zinkayamba pa 1 Fevereiro, 1 Maio, 1 Agosto ndi 1 Novembro. Tsiku la Fevereiro linkachedwa Imbolc. Olemba akale ankati ndiyo nthawi imene nkhosa ziyamba kutulutsa mkaka. Buku lina lomasulira mau, lolembedwa ca m'ma 900, lichula mulungu wamkazi wa makolo ao, dzina lake Brigid, woyang'anira alakatuli. Abale ake awiri a dzina lomwelo ankayang'anira asing'anga ndi osula zitsulo.

Pamenepa ophunzira mbiri atsutsana. Ena ati sisitere wa ku Kildare anatenga malo a mulungu wamkazi uja. Ena ati anali munthu payekha, amene anangopatsidwa dzina lodziwika. Coonekeratu ndi ici: tsiku la chalichi linagwera pa tsiku la alimi, ndipo ziwirizo zinapotana ngati cingwe.

Palinso cifukwa cina cimene mwambowu unakhalira wa m'nyumba. Kuyambira 1695 boma la atsamunda linaika malamulo opondereza Akatolika, amene anali ambiri m'dzikomo. Mabishopu anathamangitsidwa. Masukulu a Akatolika analetsedwa. Mkatolika sankaloledwa kugula munda. Malamulowo anacotsedwa pang'onopang'ono, ndipo cipsinjo cacikulu cotsiriza cinatha mu 1829. M'zaka zimenezo mapemphero ambiri ankacitikira pamoto. Usiku wa Brigid sunalire wansembe kapena ndalama. Unalira banja, udzu wa m'dambo, ndi mphika wa mbatata.

5. Kuwerenga cotsala

Nchito yoyamba inali kuwerenga. Mai ankatsegula bokosi la ufa, nayang'ana m'dzenje losungira mbatata. Bambo ankayang'ana mulu wa udzu wouma wa ng'ombe ndi mulu wa dothi loyaka lija. Akulu ankati pa tsiku la Brigid theka la zosunga liyenera kukhala likalipo.

Ife tikudziwa kuwerenga kotere. Fevereiro kwathu ndi mwezi umene mai asuzumira m'nkhokwe kawirikawiri, cimanga ca m'munda cisanace. Ku Ireland njala yeniyeni inkafika mu Julho, mbatata yakale itatha, yatsopano isanakhwime. Koma pa 1 Fevereiro mpamene banja linkadziwiratu ngati lidzafika kapena ai. Cakudya cikacepa, mphika nawo unkayamba kucepa.

Atatha kuwerenga ankasesa nyumba, nakonza khola. Mai ankapanga batala watsopano, ngakhale mkaka unali wosowa nyengo imeneyo. Amene anali ndi ng'ombe yokama ankatumiza mkaka kapena batala kwa mnansi wopanda. Mlimi wopeza bwino ankapha nkhosa kapena nkhuku, nagawirako anzake. Pa usiku wa mai amene anagawa batala yense, kumana kunali kocititsa manyazi.

6. Kugogoda pa citseko

Usana wa 31 Janeiro wina ankapita kudambo kukatenga udzu wobiriwira, woongoka, wofanana ndi mlulu wathu. M'madera ambiri ankauzula ndi manja, osaudula ndi citsulo. Mtolowo ankausiya panja, pafupi ndi khomo.

Mdima utagwa, cakudya citapsa, mmodzi wa m'banja ankatuluka. Kawirikawiri anali mwana wamkazi, makamaka ngati dzina lake linali Brigid. Kwina anali bambo. Ankanyamula mtolo uja, nazungulira nyumba, nagogoda pa citseko. Polankhula m'malo mwa woyerayo, ankauza a m'nyumba kuti agwade ndi kumtsegulira Brigid. Iwo ankayankha ndi mau omlandira. Ankacita cotero katatu. Kacitatuko citseko cinkatseguka, ndipo mtsikana ankalowa, naika mtolo pansi pa tebulo kapena pansi pa mphika.

Tsono banja linkapemphera, nkuyamba kudya. Cakudya cacikulu cinali mbatata yophika, yosinja, nthawi zina yosakaniza ndi kabici kapena anyezi. Pakati pake ankaboola kadzenje, naikamo batala kuti asungunuke. Aliyense ankatapa mbatata, nasunsa m'batalamo. Opeza bwino ankaonjeza mkate wotsekemera wa zipatso.

Anthu ankakhulupirira kuti usiku umenewo Brigid ayenda m'dziko lonse ndi ng'ombe yake yoyera, kudalitsa nyumba ndi makola. Mlendo sapita ndi njala. Cotero panja pa zenera ankaikapo mkate ndi batala, ndi kamtolo ka mbeu ka ng'ombe yake. Kwina ankamuyalira pogona pa udzu pafupi ndi moto, nasiya citseko cosakhoma. Cakudya ca pa zenera nthawi zambiri cinkatengedwa ndi wosauka woyenda usiku, ndipo eni nyumba sankadandaula.

7. Mitanda ya udzu

Atadya ankatulutsa mtolo uja, ndipo banja lonse linkakhala pamoto kuluka mitanda. Nthano iti Brigid anakazonda mfumu ina yodwala mwakayakaya. Atakhala pambali pake anatola udzu woyala pansi, naluka mtanda kuti aifotokozere cikhulupiriro cake.

Kalukidwe kake nkosabvuta. Utenga udzu umodzi, uuimika. Wina uupinda pakati, uukoleka pa woyambawo. Utembenuza, upindanso wina, uukoleka. Ucita cotero mozungulira mpaka pakati paoneke ngodya zinai, ndi mikono inai yotuluka. Potsiriza umanga nsonga. Ngakhale mwana wamng'ono akhoza.

Mitanda sinali ya mtundu umodzi. Ina inali ya mikono itatu, ndipo ku Donegal ndi madera ena a kumpoto imeneyi inkaikidwa m'khola. Ina inali ya timitengo tiwiri topingasa, tokulungidwa ndi mapesi mpaka pakati paoneke ngati diso. Dera lirilonse linali ndi kalukidwe kake, ndipo mwana ankaphunzira ka kwao.

Mitandayo ankaiwaza madzi odalitsidwa. Ankaitsomeka ku denga, pamwamba pa khomo, ndi m'khola. Ya caka catha kwina ankaitentha, kwina ankaisiya. M'nyumba zina munthu ankatha kudziwa zaka za banja powerenga mitanda yakuda ndi mwaye ya ku mapaso.

Kodi mtanda unali wa ciani? Unali wochinjiriza nyumba ku moto, ku mphenzi, ku matenda ndi ku njala. Taganizani: pamwamba denga la udzu wouma, pansi moto wosazima usiku ndi usana. Nkhawa ya moto sinali yopeka.

Mbeu nayo inali ndi gawo lake. Kwina ankabaya mbatata imodzi, naitsomeka ku denga pamodzi ndi mtanda. Kwina ankasunga njere pang'ono pafupi ndi mtandawo. Pofika nthawi yobzala, mbatata ija kapena njere zija zinkasakanizidwa ndi mbeu yoyamba kulowa m'nthaka. Udzu wotsala sunkatayidwa. Ankapota nawo zingwe zomangira miyendo ya ng'ombe pokama, kapena kuuyala m'khola.

8. Nsaru ya Brigid

Mwambo wina unali wa akazi makamaka. Asanagone, mai ankatenga kansaru kapena mpango, naika panja pa zenera kapena pa citsamba. Ankati Brigid podutsa aikhudza. M'mamawa ankailowetsa iri yonyowa ndi mame. Dzina lake linali Brat Bríde, ndiko kuti cofunda ca Brigid. Sankaicapa. Ankaisunga caka conse, ndipo ena ankati mphamvu yake ikula pakapita zaka 7.

Wodwala mutu ankaimanga kumutu. Wa zilonda za pakhosi ankaikulunga m'khosi. Azamba ankaiyala pa mai wobereka. Ng'ombe ikabvutika poswa, ankaiika pamsana pake. Asodzi ankatenga kacidutswa popita pa nyanja.

Nsaru siciza matenda. Koma tisafulumire kuseka. Tiyambe tafunsa kuti dokotala anali kuti. Mlimi wa kumapiri kapena wa pa tizisumbu ankakhala kutali ndi cipatala, alibe ndi ndalama yomwe. Pa tsiku lobereka mai anali ndi mzamba ndi kansaru kaja basi. Mwambowu utiuza malo atatu amene imfa inkayandikira banja: pobereka, m'khola, ndi pa nyanja.

9. Cidole ndi cingwe

Si zonse zinkacitikira m'nyumba. Anyamata ndi atsikana ankapanga cidole ca Brigid, cochedwa Brídeóg. Thupi lake linali mtolo wa mapesi, kapena ndodo yopukusira mkaka. Mutu unali muzu waukulu wozungulira wa mbeu yochedwa turnip, wosemedwa maso ndi pakamwa. Ankacibveka diresi loyera, nayenda naco khomo ndi khomo. Pa khomo lirilonse ankapempha kanthu ka Brigid: dzira, mkate, shuga, kandalama, ngakhale phini. Zosonkhazo ankacitira phwando ndi gule.

Ku Kerry, kumwera cakumadzulo, magulu ena anali a anyamata obvala zoyera ndi zipewa zazitali za mapesi, obisa nkhope, onyamula zoimbira. Ankachedwa Biddy Boys, pakuti Biddy ndi dzina locepetsa la Brigid.

Ku Galway ndi pa zisumbu za Aran kunali mwambo wa lamba wa Brigid, Crios Bríde. Lambayo anali cingwe cacikulu ca mapesi, columikiza nsonga zake ngati mkombero, cokhala ndi mitanda. Anyamata ankayenda naco m'mudzi. Munthu aliyense ankapyola mkati mwake katatu, napempha kuti akhale wamoyo ndi wolimba caka conse. Kwina ankacikoleka pa khomo la khola kuti ng'ombe nazo zipyole.

Motero usiku umodzi mudzi unkafika pa khomo lirilonse. Wokalamba wokhala yekha ankaona anthu, ndipo anansi ankaona ndi maso ao nyumba imene mphika wacepa.

10. M'mawa mwake

Pa 1 Fevereiro anthu ambiri sankagwira nchito yolemetsa. M'madera ena a Kerry ndi Cork nchito iriyonse yozunguza gudumu inali yoletsedwa: kupota ubweya, kuyendetsa ngolo, kugaya. Koma mlimi ankatenga khasu lake, natembenuza nthaka kamodzi kapena kawiri, kusonyeza kuti caka ca munda cayamba.

A m'mbali mwa nyanja ankadikira kuti madzi aphwe kwambiri pa masiku oyandikira tsikuli. Pamenepo ankadula ndere za m'nyanja zothira m'minda ngati manyowa. Ku Galway ena ankatola nkhono zamoyo za m'nyanja, naziika pa ngodya zinai za nyumba, kupempha mwai wa nsomba.

Ena ankapita ku zitsime za Brigid, zimene ziripo zambiri m'dzikomo. Zodziwika ndi za ku Faughart, ku Kildare ndi ku Liscannor. Ankazungulira citsime molondola njira ya dzuwa, napemphera, namanga kansaru pa mtengo, natunga madzi okawaza pa ana, pa ziweto ndi m'munda. Akulu ankayang'ana mphepo ndi mitambo, kulosera nyengo ya kutsogolo.

11. Njala yaikulu ndi kusintha

Mitanda sinathe kuletsa zonse. Mu 1845 matenda a ciwau anagwira mbatata, ndipo inkaola m'nthaka ndi m'maenje. Matendawo anabweranso zaka zotsatira. Pakati pa 1845 ndi 1852 anthu pafupifupi 1 miliyoni anafa ndi njala ndi matenda, ndipo oposa 1 miliyoni anathawira ku America ndi ku England. M'zaka zomwezo zombo zinkatuluka m'madoko a Ireland zitasenza tirigu ndi ng'ombe za malonda. Ambiri a akufawo anali a m'tinyumba ta cipinda cimodzi tija, olankhula cinenero ca makolo. Midzi ina inatheratu, ndi miyambo yake yomwe.

Otsala anaphunzira kuti munda wa mwini wina sudalirika, ngakhale uuwaze madzi odalitsidwa. Mu 1879 Michael Davitt, mwana wa banja lotulutsidwa m'munda ku Mayo, pamodzi ndi anzake anayambitsa Land League, gulu la alimi lokana lendi yopyola muyeso. Malamulo atsopano a minda anatsatira, makamaka la 1903, ndipo alimi ambiri anagula minda imene ankalima. Mu 1922 mbali yaikulu ya cisumbu inapeza boma lakelake.

Pambuyo pake nyumba inasintha. Pa denga panabwera malata ndi miyala ya sileti. Kuyambira 1946 magetsi anayamba kufika ku midzi. Amai anayamba kuphikira pa citofu ndi kuberekera ku cipatala. Mkaka unayamba kupita ku fakitale. Acinyamata ambiri anacoka kunka ku mizinda ndi ku maiko ena. Kugogoda pa citseko kunacepa, ndipo lamba wa Brigid anasowa pafupifupi ponseponse. Mantha atacepa, mwambo nawo unacepa.

Koma mtanda unatsala. Ana aphunzira kuuluka m'masukulu. Wailesi ya kanema ya dzikolo, imene inayamba mu 1961, inautenga kukhala cizindikiro cake kwa zaka zambiri. Mu 1993 masisitere a cipani ca Brigid anayatsanso moto ku Kildare. Ku Kerry magulu a Biddy ayendabe. Mu 2023 boma linayambitsa tsiku lopuma la dziko lonse m'dzina la Brigid, loyamba kuchedwa ndi dzina la mkazi. Mu 2024 anthu anakumbukira zaka 1,500 cimwalirire iye.

12. Tadziwa bwanji zonsezi?

Alimi osauka a m'zaka za m'ma 1800 ambiri sankadziwa kulemba. Sanasiye mabuku. Nanga ife tadziwa bwanji za mbatata yotsomeka ku denga ndi za nkhono za pa ngodya?

Mu 1935 boma la Ireland linakhazikitsa bungwe losonkhanitsa nthano ndi miyambo, Irish Folklore Commission, lotsogozedwa ndi Séamus Ó Duilearga. Anchito ake anali owerengeka, ndipo okalamba anali kutha. Tsono anapempha thandizo kwa ana a sukulu. Kuyambira 1937 mpaka 1939 ana oposa 50,000 a m'masukulu 5,000 anatumidwa kwa agogo ao ndi kwa anansi. Ankafunsa, namvetsera, nalemba m'makope, ena m'Cingerezi, ena m'cinenero ca makolo. Ankalembanso dzina la wonenayo ndi mudzi wake. Masamba onse anakwana pafupifupi 740,000. Mu 1942 bungwelo linatumizanso mafunso a tsiku la Brigid ku madera onse, ndipo anthu anayankha ndi makalata ndi mitanda yeniyeni. Makope a ana aja asungidwa ku University College Dublin. Mitanda iri m'nyumba yosungira zakale ya dzikolo.

Taonani cimene cinacitika. Gogo ankadziwa, koma dzanja lake silinazolowere pensulo. Mdzukulu ankalemba, koma zakale sanazione. Atakhala pamodzi pamoto, mbiri ya nyumba ya wosauka inapulumuka. Mau a akulu akoma akagonera, ndipo agonera bwino akalembedwa.

Lero munthu wa ku Ireland akhoza kufuna dzina la mudzi wake m'makope aja, nawerenga zimene makolo ake ananena za usiku wa Brigid, m'zilembo za mwana wa sukulu.

Mafunso okambirana

1. Chulani zinthu zisanu zimene zinali cuma ca nyumba ya mlimi. Ndi mwambo uti umene unkachinjiriza cirico conse?
2. Cifukwa ciani mai ndi bambo ankawerenga zosunga zao pa tsiku la Brigid?
3. Cakudya ca pa zenera cinkadyedwa ndi yani? Mwambowu unkathandiza yani?
4. Cifukwa ciani miyambo yambiri inacepa pambuyo pa 1946?
5. Ndani analemba miyambo imeneyi kuti isatayike?

Nchito yolemba

Funsani munthu wacikulire wa m'mudzi mwanu zimene makolo ankacita asanabzale mbeu yoyamba. Lembani mizere isanu. Pansi pake lembani dzina la mudzi ndi caka.